Tsiku Limene Wailesi Inati Mmwenye

Nkhaniyi anandiuza ndi mlamu wanga, mayi amene ndi sajeni wa polisi, tsiku Lamulungu masana tikudikira kuti mvula ikate. Anaikamba osaseka, ndipo ine ndikuikamba momwe anandiuzira.

Linali Lachinayi, dzuwa litapendeka, pamene Sajeni anaitanidwa ku bucha ya pa msewu wa kudepoti. Anapeza anthu atadzaza pakhomo mpaka mumsewu, minibasi zikuchita kulambalala. Anadzipanikiza pakati pawo n'kulowa.

Kutsogolo kunalibe chachilendo. Kauntala inali yopukutidwa bwino, sikelo ili pamalo pake, mbedza zopachikira nyama zikulendewera zopanda kanthu. Chitseko cha chifiriji chachikulu chinali chotsegula, mkati muli mofunda ngati m'chipinda chogona. Zoopsa zinali m'kachipinda ka kumbuyo. Magazi anali pansi, ambiri ndithu, ndipo pambali pake panali chitsulo choyezera pa sikelo. Chikwama cha masipanala chinali pakhomo, chosatsegula n'komwe. Mzere wa magazi unalowera ku chitseko cha kuseri kumene amatsitsira nyama. Koma mwini wake, mkulu amene onse ankangomutcha aBucha, panalibe.

Sajeni asanafunse munthu ngakhale mmodzi, wailesi ya mu shopu yometera ya pafupi inalankhula kudzera pakhoma.

"Tangolandira kumene. Mmwenye wina wapha mwini bucha pa msewu wa kudepoti n'kuthawa ndi mtembo. Aliyense amene angaone mmwenyeyu adziwitse apolisi."

Panja anthu anang'ung'udza ngati njuchi. Sajeni anatseka maso pang'ono. Chikwama chija ankachidziwa. Chinali cha bambo wokonza mafiriji, wadazi, woyenda motsimphina, amene tauni yonse inkamutcha Mafiriji. Anabadwira kuseri kwa depoti komweko. Agogo ake ndiwo anachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo m'chilankhulo chawo iye ankangodziwamo mawu otukwanira basi. M'mawa wa tsikulo anali Mafiriji. Pofika madzulo anali atasanduka mmwenye, ndipo Sajeni anadziwa kuti akapanda kufulumira, anthu amupeza iye asanamupeze.

Woyamba kumufunsa anali mayi wogulitsa mayunitsi, amene tebulo lake limayang'anizana ndi khomo la bucha.

"Bwana, ine ndine wopemphera, bodza ayi. Ndamuona ndi maso angawa. Mmwenyeyo watuluka akuthamanga, malaya onse magazi okhaokha."

"Mukuti mmwenye. Dzina lake simukulidziwa?"

"Si Mafiriji nanga. Chaka chatha anandikonzera ketulo. Koma mtima wa munthu, bwana, ndi thengo."

"Ananena kanthu potuluka?"

"Anakuwa chinachake, akubwera chakuno. Koma munthu wamagazi akamabwera kuli inu, mumaima n'kumamvetsera? Ine ndinasiya tebulo n'kukabisala kwa ometa."

"Wina amene analowa kapena kutuluka masanawa?"

"Palibe. Mmwenyeyo basi."

Wometa anali akusesa tsitsi, nkhope ili ngwee ngati wapata mphoto.

"Bwana Sajeni, mwachedwa. Nkhani ife tinaitumiza kalekale."

"Munaitumiza bwanji?"

"Mtolankhani wa pawailesi uja anali pampandopa, mutu ndameta mbali imodzi. Mayiwa atalowa akunjenjemera, tinatenga kaye mtima, kenako tinakasuzumira tonse. Magazi ali apo, munthu palibe. Mnzathuyo anaimba foni pomwepo. Wapita choncho, mbali imodzi dazi, mbali ina thengo."

"Kudzera pakhomali simunamve mkangano?"

"Makina akulira, wailesi ikuimba, ndimve chiyani? Koma ndinkaona kale ine. Anthu amenewa amaseka nawe, koma..."

"Anthu ati?"

Wometa anayang'ana tsache lake. "Basi, monga yanenera wailesi."

Anafunsanso ena angapo pamsewupo. Onse anayankha ndi mawu omwewo, ngati ana asukulu obwereza za aphunzitsi. Ngakhale amene anafika zonse zitatha anali ataona mmwenye. Kenako foni yake inalira. Anali a kuchipatala.

Nesi amene anamulandira anali mayi wotopa, wosafuna zambiri.

"Mtembo wanu uli pa bedi la pakona, ukupuma. Mutu waphwanyika kumbuyoku, sakulankhula, koma ali moyo."

"Wabwera naye ndani?"

"Bambo wadazi, wotsimphina. Anamukoka yekha kuchokera m'galimoto, akulira ngati ndi bambo ake. Anakhala pabenchi apo kudikira. Ndiye mlonda wathu anatsegula wailesi."

"Kenako?"

"Anthu onse pabenchipo anatembenuka kumuyang'ana. Mmwenye analipo mmodzi yekha, ndipo malaya ake munawamva kale. Anadzuka pang'onopang'ono ngati akupita kuchimbudzi. Galimoto yake ili panjapo mpaka pano, makiyi ali momwemo."

"Inu mukuganiza kuti ndi iye anamumenya?"

"Ine ndimasoka mabala, bwana. Zoganiza ndi zanu."

Kunyumba kwa Mafiriji Sajeni anapeza mawindo akutsogolo ataswedwa kale. Anyamata a njinga zamoto anali ataima patsidya pa msewu, akungoyang'ana. Mkazi wake, mayi wakuda wonenepa amene amaphunzitsa ana pa sukulu ya mkaka, anali atakankhira kabati kuchitseko. Ana awiri anali pansi pa tebulo.

"Anaimba kamodzi," anatero mayiyo. "Anati sindinachite, usatuluke, n'kuzimitsa foni. Anapita kukakonza firiji, mayi. ABucha anamuitana okha dzulo. Amadyera limodzi anthu amenewo."

"Angabisale kuti?"

"Ndikanadziwa sindikanakuuzani. Mundikhululukire." Analoza pansi pa tebulo. "Awa nanga, pa wailesi yanuyo ndi a mtundu wanji? Ndifunse ndidziwe kuti mawa ndiwatumize kusukulu kapena ayi."

Sajeni anasiya wapolisi mmodzi pakhomo n'kulunjika ku wailesi dzuwa lisanalowe.

Mkonzi wa nkhani anali bambo wamagalasi, tayi atamasula, mbale ya chakudya chozizira ili pambali pa kompyuta. Anamvetsera mwaulemu.

"Zakuti wamwalira tikonza pompano, pamenepo talakwitsa. Zikomo, Sajeni."

"Ndi mawu enawo muchotse."

"Ati?"

"Mmwenye."

Mkonzi anavula magalasi. "Kodi ndi bodza? Si mmwenye?"

"Si bodza."

"Ndiye mukufuna ndibise zoona. Munthu akusakidwa, anthu amudziwa bwanji tikapanda kunena maonekedwe ake? Inu nomwe apolisi mumatipempha kuti tizinena."

"Nenani kuti bambo wokonza mafiriji, wadazi, wotsimphina. Pamenepo anthu asaka munthu mmodzi. Mwati mmwenye, akusaka mtundu wonse. Pobwera kuno ndaona wogulitsa nsalu uja akutseka shopu nthawi isanakwane. Walakwa chiyani iye?"

"Ndikachotsa lero, mawa anthu anena kuti amwenye atidyetsa chibanzi. Akhala akunena kale kuti anthu a ndalama akalakwa timawaphimba. Wailesi ikataya chikhulupiriro, Sajeni, yatsala ndi nyimbo basi."

"Mafiriji ndi munthu wa ndalama? Nsapato zake munaziona?"

"Sindikumudziwa."

"Mwezi watha mlonda anaphedwa ku sitolo ya simenti. Munati bambo wina. Simunati wakuda wina."

"Wakuda kuno si nkhani. Tonse ndife akuda. Mawuwo sakanathandiza aliyense kumupeza." Anavalanso magalasi. "Ndipo tisanamizane. Munthu wosalakwa sathawa kuchipatala n'kusiya galimoto. Ambiri amamenya munthu n'kumutengera okha kuchipatala mantha atawagwira. Ndibweretsereni wina amene wachita zimenezi, ndilengeza ndi pakamwa panga."

Pa mawu omalizawa Sajeni sakanatsutsa. Akulu ake kuofesi anali atamuuza zomwezo. Nkhani za madzulo zinati mwini bucha ali moyo koma ali kayakaya, ndipo mmwenye amene wamuvulaza akusakidwabe.

M'mawa wa Lachisanu Sajeni anabwerera pa msewu uja mashopu akungotsegulidwa. Chimene ankafuna chinali chimodzi, munthu amene anaona ndi maso koma sanamve ndi makutu. Pakhonde la shopu ya mankhwala, moyandikana ndi bucha, mkulu wosoka nsapato anali akuyala katundu wake. Dzulo lake Sajeni sanamuone.

"Madala, dzulo munali kuti?"

"Mwati?"

Wa mankhwala anasuzumira pawindo. "Muzikuwa, bwana. Makutu anapita kalekale amenewo."

"Dzulo munali kuti?" Sajeni anafunsa mokweza, atawerama.

"Pompano. Anthu atayamba kuchuluka ndinalongedza. Khamu limaponda nsapato za eni ake, olipira n'kukhala ine."

"Za pa wailesi mwamva?"

"Wailesi ine? Ndiimvere pati?"

"Munaona munthu akutuluka mu bucha ndi magazi?"

Mkuluyo analowetsa ulusi mu singano, osafulumira.

"Uti? Woyamba kapena wachiwiri?"

Sajeni anakhala pansi pa khondepo, ndi yunifolomu yomwe.

"Analipo awiri?"

"Wachiwiri ndi Mafiriji, uja anatuluka akukupiza manja ngati nkhuku yodulidwa mutu. Anangolowa n'kutuluka, ine msomali umodzi ndisanamalize kukhoma. Woyamba ndi mpongozi wa aBucha, uja amamuti Jombo. Koma ameneyo musamuwerengere. Magazi ndi yunifolomu yake."

"Analowa ndi magaziwo?"

"Ayi, analowa chikhoti chili mbee, chochapa. Anakhalitsamo. Potuluka ndiye chinali ndi madontho apa ndi apa, akupukutira manja m'matumba. Monga mwa masiku onse. Munthu wodula nyama atuluke woyera?"

Sajeni anaoloka msewu. Mayi wa mayunitsi anali akutsegula ambulera.

"Mayi, Jombo anabwera dzulo?"

"Jombo? Ee, anabwera. Anandipatsanso moni potuluka."

"Ndinakufunsani ngati panali wina."

"Ndimayesa mukunena munthu wachilendo, bwana. Jombo amalowa n'kutuluka tsiku lililonse." Mayiyo anaima, ambulera ili theka. "Komanso wailesi inali itanena kale."

Sajeni sanamumvere mpaka kumapeto. M'maso mwake munabwera mbedza zija zikulendewera zopanda kanthu, ndi chifiriji chofunda chija.

Kunyumba kwa aBucha anatsegula chitseko ndi mwana wawo wamkazi, mkazi wa Jombo. Anali akulongedza zofunda zopita nazo kuchipatala. Diso lake lakumanzere linali ndi bala lakuda limene linali litayamba kuchita chikasu.

"Firiji inafa liti, achemwali?"

"Lachiwiri. Adadi anagulitsa nyama yotsala motchipa, n'kuuza a kophera ng'ombe kuti asabweretse ina mpaka aMafiriji akonze."

"Ndiye dzulo mu shopu munalibe nyama?"

"Ngakhale fupa. Lachitatu ndinakolopa ndekha."

"Amuna anu amagwira ntchito kwina?"

"Ayi, kwa adadi kokha." Anasiya kupinda bulangete. "Bwanji?"

"Disolo mwatani?"

Mtsikanayo anakhala pa mpando.

"Adadi anabwera kudzanditenga sabata yatha. Anauza mwamuna wanga kuti ntchito agwire, koma ine asandionenso. Iye anati abwera akambirane ngati amuna." Anayamba kulira mopanda phokoso. "Nditamva pa wailesi kuti ndi mmwenye, ndinathokoza Mulungu, mayi. Ndinathokoza kuti si iye. Ndinafuna kuti zikhale choncho."

Sajeni anamupeza Jombo kuseri kwa nyumba yake ya lendi, ali chogwada pa beseni. Anali mwamuna wamtali, wooneka bwino, amene chikhoti choyera ndi jombo ankavala ngakhale popita ku bala kuti anthu adziwe kuti ali pa ntchito. Chikhoticho chinali m'madzi, madziwo atafiira.

"Mwayamba kuchapa nokha, achimwene?"

"Mkazi kulibe, bwana. Titani nanga."

"Magazi a chiyani amenewo?"

"A ng'ombe. Ntchito yathu mukuidziwa."

"Ng'ombe iti? Shopu ilibe nyama chiyambire Lachitatu."

Jombo anafinya chikhoticho pang'onopang'ono, madzi akuyenderera m'mikono.

"Wailesi yati ndi mmwenye," anatero.

"Ndamva. Ine ndikufunsa za ng'ombe."

Anayang'ana kumpanda ngati akuyeza kutalika kwake, koma wapolisi wina anali ataima kale pamenepo. Mapewa ake anagwa.

"Mkazi ndi wanga. Iwo ndi ndani kuti andikanize? Anandilozanso chala kumaso, pamalo pamene ndawagwirira ntchito zaka zonsezi. Sindinafune kuti zifike pamenepo."

Unyolo utalowa m'manja, Sajeni anaimbira mkonzi ali pomwepo.

"Ndamupeza munthu wanu. Ndi mpongozi wa aBucha, wavomera. Lengezani tsopano lino, musadikire nkhani za masana."

Mkonzi analankhula ndi mawu otsika.

"Sajeni, simunamve? Mtolankhani wathu ali kudepoti. Amupeza."

Zimene zinachitika kudepoti Sajeni anazimva pambuyo pake. Mafiriji anagona m'chigalimoto chakufa kuseri kwa garaja ina. Kutacha anaganiza zokadzipereka yekha kupolisi, poti anali atatopa ndi mantha. Anavala chipewa chimene anatola m'chigalimotomo n'kuyamba kuyenda. Koma njira ya kupolisi imadutsa pa depoti, ndipo chipewa chimabisa dazi, sichibisa khungu. Woitanira minibasi wina anakuwa mawu amodzi aja. Ambiri mwa amene anathamangira pamenepo sankadziwa n'komwe dzina la aBucha. Anamupulumutsa ndi dalaivala wa basi yaikulu amene anailowetsa pakati pa anthu akuliza hutala.

Madzulo ake Sajeni anapita kuchipatala. M'khonde anapeza mkonzi ataima, jumbo ya malalanje ili m'manja, akuyang'ana chitseko cha wodi.

"Lowani," anatero Sajeni.

"Ndikanene chiyani?" Anasuntha jumboyo kupita dzanja lina. "Ndikati sitidzatchulanso mtundu wa munthu, ndikhala ndikunama. Tsiku lina mwana adzasowa, kapena chigawenga chenicheni chidzathawa, tidzatchula. Koma dzulo ndinali ndi dazi, ndinali ndi mwendo, ndinali ndi ntchito yake. Ndinasankha mawu amene anthu angatchere khutu." Anamupatsa jumboyo. "Mumupatse ndinu. Musanene kuti achokera kwa ine."

Mafiriji anagonekedwa moyang'anizana ndi aBucha, amene anali asanatsegulebe maso. Nkhope ya Mafiriji inali yotupa moti Sajeni anamuzindikira ndi dazi. Manja onse awiri anali m'pulasitala mpaka m'zigongono. Nesi uja ananong'oneza kuti anawaponda dala, ndipo dzanja lamanja adokotala sakulonjeza kuti lidzagwiranso sipanala. Mkazi wake anali pambali, akumumwetsa madzi ndi supuni.

"Bwana Sajeni," anatero, mawu akutuluka movutikira. "Mkuluyo ali bwanji? Sandiuza zoona anthuwa."

"Akupuma. Adokotala akuti mukanachedwa naye pang'ono, bwenzi tikunena zina."

"Ndinakuwa kuti thandizeni. Onse anathawa. Ndiye ndinathamangira galimoto, ndinazungulira kuseri." Anapuma kaye. "Mwamugwira?"

"Tamugwira. Ndi Jombo."

Anatseka maso. "Mwana uja ndinamukonzera wailesi ya m'galimoto ulele."

Mkazi wake anamupukuta pakamwa. Patapita kanthawi anatsegulanso diso limodzi limene linkatseguka.

"Alengeza?"

"Alengeza masana."

"Ati chiyani?"

"Ati apolisi amanga bambo wina."

"Bambo wina." Anayesa kuseka koma nthiti zinamukaniza. "Nanga aja a kudepoti? Ati ndi a mtundu wanji?"

Sajeni anayang'ana malalanje ali m'manja mwake.

"Ati anthu okwiya."

Mafiriji anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu chimene ankaudziwa kale. Mkazi wake anatenga jumbo ija n'kuiika pansi pa bedi, osafunsa kumene yachokera.

Mlamu wanga atafika pamenepa anayang'ana mvula. Ndinamufunsa kuti ndiye anatani.

"Ndinatuluka m'chipatalamo n'kupita kudepoti," anatero. "Ndinayamba ndi oitanira, kenako ogulitsa madzi, kenako makondakitala, mmodzimmodzi, kufunsa amene anaona anthu akumenya munthu dzuwa likuswa mtengo. Ndinabwereranso Loweruka, ndipo mawa ndipitanso. Mpaka pano sindinapeze amene anaona."